Kabokosi Kolira Msanga

Ndege yanga ndinaipanga ndekha, ngakhale ndikati ndekha ndikuwalakwira achimwene aja a kugombe, amene ankagwira mbali ina ya nsalu. Ndiyambe ndi kumene ndinaitenga nzeru yake, chifukwa aliyense amene ndamuuza kuti kuseri kwa nyumba yanga ku Chiuta kuli ndege amayamba wandiyang'ana kumapazi, kuona ngati ndavala nsapato zofanana.

Nkhondo itatithamangitsira ku Malawi ndili mnyamata, ndinakagwira ntchito kwa munthu wina wokonza maboti a faiba ku Mangochi. Kumeneko ndinaphunzira kuyala nsalu ya galasi, kuipaka rezina, guluu wake wouma gwa, ndi kuidikira iume osaigwiragwira. Mtendere utabwera sindinafikire kumudzi. Ndinapitirira ku Nampula, kumene ndinakhala zaka zambiri ndikumata ndi kupala tindege topopera mankhwala m'minda ya thonje. Woyendetsa wina wokalamba anandiphunzitsa kuuluka mpaka ndinatenga chilolezo, ndipo pobwerera kwawo anandisiyira injini yakale ndi mapulani a kandege ka anthu awiri. Mkazi wanga atamwalira, ana atakula n'kumwazikana, ndinapakira zonsezo m'lole n'kubwerera kwathu. Anthu ena pokalamba amaweta nkhunda. Ine ndinamanga chisakasa cha malata m'mphepete mwa dambo n'kuyamba kusema mapiko.

Nsalu ya galasi siyalika ndi munthu mmodzi. Wina agwire uku, wina uko, muikoke mofanana, apo ayi imachita makwinya, ndipo rezina ikauma makwinyawo sachokanso. Achimwene aja anabwera koyamba ndi beseni long'ambika la mlongo wawo, atamva kuti kwabwera munthu womata zinthu. Anali aakulu kwa ine, msodzi wa Chiyao wa kofiya yoyera, amene mapewa anali atawakana kupalasa. Ndinamata beseni, iwo osachoka. Ndinawapatsa nsonga ya nsalu kuti andigwirire pang'ono, ndipo anaigwira zaka zonse zimene ndinkapanga ndegeyo. Ankandiitana kuti amesitiri, ndiye kuti mmisiri, ine n'kumati achimwene. Nthawi ya swala ikakwana ankayala kamkeka kawo pansi pa phiko lakumanja. Lachisanu sankabwera, ndipo tsiku limenelo ndinkangosesa m'chisakasa.

Sitinkacheza kwambiri. Tinkatha kupala phiko kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mawu ake ali oti "kokani" ndi "basi". Za nkhondo sitinafunsanepo. Kuno sufunsa mnzako kuti unali kuti nthawi ija, ndipo ukaona chipsera umayang'ana kumbali. Ndege itatha, mapepala ake atatuluka, achimwene anakana kwamtuwagalu kukwera. Anati Mulungu anawapatsa madzi ndi mtunda, zam'mwambazo anagawira ena. Koma ndikamauluka ankaima kumapeto kwa dambo ndi chiguduli m'manja kuingitsa mbuzi, ndipo potera chinthu choyamba chimene ndinkachifunafuna pansi chinali kofiya ija.

Tsiku lina m'nyengo yotentha, ndikukhota kuti nditere, phiko lakumanzere linangogwa, ngati munthu amene amuchotsera mpando. Ndinalibweza masamba a mitengo ndikuwaona limodzilimodzi. Nditatera ndinakhalabe pampando. Kale thupi linkandiuza ndege ikafuna kuchita zimenezi, koma tsopano makutu ndi matako omwe akalamba, samva msanga. Ndinalakwitsa kumuuza mwana wanga wamkazi wa ku Nampula pa foni. Anakalipa ngati mayi ake. Anati atumiza kachipangizo kochenjeza, ndipo ndikapanda kukaika abwera yekha ndi nkhwangwa adzathane ndi ndegeyo.

Kachipangizoko nkosavuta kukamvetsa. Phiko limanyamula ndege malinga ndi mmene lapendekera pokumana ndi mphepo. Likapendeka pang'ono mphepo imalinyamula, likapendeka mopitirira mphepo imalitaya. Ndiye umaboola timabowo tiwiri pa phiko, kena pamwamba kena pansi, n'kulumikiza timapaipi topita ku kabokosi kokhala kutsogolo kwa woyendetsa. Kabokosiko kamayerekeza mphamvu ya mphepo pa timabowo tiwirito, ndipo kakaona kuti phiko latsala pang'ono kutayidwa, kamalira m'zomvera za m'makutu. Ntchito yake ndi yomweyo basi, kuchenjeza.

Koma azungu amene anatcha maina zinthu za ndege anasowa mawu ena. Kupendeka kumeneku pa Chipwitikizi amati angulo de ataki, ndipo mawuwo analembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni. Katoniyo inachokera ku Cuamba kudzera ku Insaca pa shapa, minibasi ya kuno, ili pamiyendo pa kobradoro, wotolera ndalama uja, amene sukulu anaiphunzira mokwanira kuwerenga liwu limodzi. Pamene ankandipatsira katoni pawindo, shapa yonse inali itadziwa kuti mdala wa ndege waitanitsa ataki.

Kwa amene sanakhaleko kuno nthawi ija, ataki ndi liwu chabe. Kwa ife ndi liwu lochenjeza kuti adani afika, limene unkati ukalimva unkalavula chakudya, kunyamula mwana aliyense amene ali pafupi, wako kapena wa mnzako, n'kuthamangira kubango. Ngakhale anthu osadziwa moni wa Chipwitikizi liwu limeneli ankalidziwa. Choncho kwa masiku angapo anthu ankachilambalala chisakasa changa. Mkulu wina wa boma anabwera pa njinga yamoto, natembenuza kabokosi uku ndi uku, naseka, napempha madzi akumwa n'kumapita. Nkhaniyo inasanduka nthabwala, kenako inazilala. Amayi ogulitsa matemba anayambanso kudutsa njira ya padambo. Amene sanabwerere ndi achimwene okha.

Ndinawalondola kwawo. Ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde wa munthu wina. Ndinatenga nkhafi imene inatsamira pakhoma n'kuyamba kufotokoza ngati mphunzitsi, kuti nkhafi mukaipendeketsa pang'ono imaluma madzi, mukapitiriza imaterereka, ndipo phiko ndi chimodzimodzi. Ndinati liwulo ndi la m'mabuku, silikhudza mfuti kapena asilikali. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, singano ili m'manja.

"Ndamva, amesitiri," anatero. "Si mfuti, ndikudziwa."

Ndinafunsa ngati abwera mawa. Anati Mulungu akalola. Mawa lake sanabwere, mkuja wake sanabwere, ndipo ndinaleka kuyang'ana kunjira.

Ndinakwiya, ndisaname. Mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale. Ndinkadzifunsa kuti munthu amene wagwira phiko ili ndi manja ake kuyambira lili siponji yoyera angatengeke bwanji ndi nkhani za m'shapa. Koma kunsi kwa mkwiyowo kunali mantha. Kumudzi kuno ndinabwerera mochedwa. Anzanga a paubwana ena ali kumanda, ena anakhazikika ku Malawi, ndipo otsalawo amandipatsa moni waulemu wopatsa mlendo. Munthu amene ankalowa m'chisakasa changa osaodira anali mmodzi yekha, ndipo ndinkaona kuti ndikumutaya chifukwa cha katoni.

Ntchito ndinaiyamba ndekha, mwina pofuna kudzionetsa kuti ndingathe. Phiko la faiba likatsekedwa lili ngati dzira, lilibe khomo. Kuti uikemo chinthu chimene sunachiganizire pomanga, uyenera kuboola chimene unatha miyezi ukuchisalaza. Ndinayamba ndi kugogoda ndi kachitsulo kumvera pamene pali nthiti ndi msana wa phiko, chifukwa ukadula msana ndege yatha. Ndinajambula bwalo ndi pensulo kunsi kwa phiko lakumanja, lokwana dzanja, n'kugona chagada pa katoni yomwe ija. Kamkeka kawo ka swala kanali kakadali pakona, kopindidwa, ndipo sindinakakhudze. Fumbi la galasi linkandigwera kumaso ndi m'khosi, loyabwa kuposa chitedze.

Nditachotsa chidutswacho ndinaunikamo ndi tochi. M'katimo munali mmene tinasiyira, nsalu yoyalidwa bwino, kupatula malo amodzi pamene panali khwinya lalitali ngati chala. Ndinalikumbukira. Tsiku limenelo achimwene anasiya nsonga ya nsalu kuti aphe ntchentche pamphuno, ndipo ndinawakalipira mpaka madzulo, iwo akungomwetulira. Ndinaliyang'ana khwinya limenelo nthawi yaitali kuposa mmene ntchito inkafunira.

Timabowo tiwirito ndinatiboola mosavuta, ting'onoting'ono ngati diso la singano. Vuto linali timapaipi. Tinayenera kudutsa m'kanjira kamene mumadutsa waya wa nyale ya kunsonga kwa phiko, mpaka kukafika m'thupi la ndege. Imeneyi ndi ntchito ya anthu awiri, wina kukankha, wina kulandira. Ndinamangirira twayini wa ukonde ku waya wolimba, ndikankhe kuchokera kuthupi, ndithamange kuzungulira phiko, ndigwade, ndilowetse dzanja pabowo, ndipeze waya wabwerera m'mbuyo. Ndipite kukakankhanso. Ndinalizungulira phiko limenelo ngati mbuzi yapachingwe, thukuta likulowa m'maso, mkono wonse utakalikakalika ndi m'mphepete mwa bowo. Nthawi ina ndinadzimva ndikunena mokweza kuti "kokani". Chimene chinayankha ndi malata othetheka ndi dzuwa.

Patapita masiku timapaipi tinadutsa. Ndinatimata ndi rezina pa timabowo, ndinapanga kachivundikiro ka bowo lalikulu lija, n'kupala mpaka chala osamva polumikiza. Nditakhala pampando kuti ndilumikize ku kabokosi ndi pamene ndinaona kuti kansanza kamene ndinamangirira pa kapaipi ka pamwamba monga chizindikiro kanatsalira m'phiko. Timapaipi tiwiri tofanana, tonse toyera, tinangondiyang'ana. Ukatisinthanitsa, kabokosi kamakhala chete nthawi imene kayenera kulira. Kudziwa kwake nkosavuta. Wina auzire pang'ono pa kabowo kapansi, wina ali pampando akumvera, ndipo kakalira ndiye kuti zili bwino. Koma pakamwa panga ndi makutu anga zili pamutu umodzi, ndipo phiko ndi lalitali.

Ndikanatha kuitana aliyense wodutsa m'njira. Ndinkadziuza kuti munthu wosazolowera auzira mwamphamvu n'kuphulitsa za m'kati mwa kabokosi, ndipo zimenezo zimachitikadi. Koma chenicheni chinali chakuti sindinkafuna pakamwa pa munthu wina pa phiko limenelo. Ndege inakhala m'chisakasa, mbuzi zikudya padambo mwaufulu. M'mawa ndinkatsegula chitseko, kupukuta fumbi pa mapiko, kuphika tiyi wa munthu mmodzi, n'kukhala.

Tsiku la msika ku Chiuta, ndikugula sopo, ndinawaona achimwene akukankha njinga pakati pa anthu. Pansi pa mtengo panali amadala akusewera bawo. Mmodzi wa iwo, wa msinkhu wa achimwene, anadzutsa mutu n'kukuwa, "Ataki, wapeza mnzako tsopano?" Anzakewo anaseka, kuseka kwa anthu amene akumbutsana chinthu chakale. Achimwene sanatembenuke, koma ndinaona khosi lawo likuuma. Podutsa pafupi ndi ine maso athu anakumana, ndipo anadziwa kuti ndamva.

M'mawa mwake ndinamva "odi" pakhomo la chisakasa. Odi ameneyo anandipweteka kuposa kusabwera kwawo konse. Analowa, nakhala pa chitini cha rezina, nayamba kulankhula akuyang'ana tayala la ndege.

Anati nthawi ya nkhondo mudzi wawo wa kugombe unapachika limu ya galimoto pamtengo, kuti woona zachilendo aziimenya, anthu athawire m'bango ndi m'mabwato. Ntchitoyo anapatsa iwo chifukwa anali ndi maso oona kutali. Ndipo ankaimenyadi. Akaona fumbi la ng'ombe, kumenya. Akaona anthu ochokera kumaliro atandondozana, kumenya, uku akukuwa liwu lija. Anthu ankasiya mpunga pamoto, kukakhala m'madzi ofika m'khosi misundu ikuwaluma, n'kubwerako pachabe. Anatopa nawo. Anawapatsa dzina loti Ataki, ana n'kumawaimba nyimbo akamadutsa. Potsiriza akuluakulu anawaitana n'kuwauza kuti asamazunze anthu, asanamenye limu aziyamba atsimikiza.

"Ndiye m'mawa wina ndinaona anthu akubwera kutali," anatero. "Ndinati ndiyambe ndatsimikiza."

Zotsalazo ndinazilumikiza ndekha, kuti anthuwo anali a mfuti ndipo limu inalira mochedwa. Ndinkadziwa kale kuti amakhala kwa mlongo wawo, kuti mwana amene amamutchula ndi mmodzi yekha, wamkazi, wokwatiwa kutsidya la ku Malawi, ndiponso kuti za mkazi wawo sanatchulepo chiyambire. Patapita kanthawi anawonjezera kuti dzinalo linafa lokha tsiku lomwelo. Palibe amene analitchulanso zaka zonsezi, mpaka katoni yanga inatsika m'shapa n'kuwakumbutsa amadala aja.

Ndinafuna kupepesa, koma ndipepese chiyani, zilembo za pa katoni? Ndine munthu wodziwa kukalipa, kutonthoza sindinaphunzire. Ndinangoti pali kantchito kakang'ono kofuna mpweya umodzi. Ndinawaonetsa kabowo kapansi n'kuwauza kuti auzirepo pang'onopang'ono, ngati akuchotsa chitsotso m'diso la mwana. Anagwada pansi pa phiko, pamalo pomwe ankaswalira. Ine ndinakwera pampando, ndinavala zomvera, ndinayatsa kabokosi n'kunena kuti auzire.

Kanali chete. Anauziranso, chete. Timapaipi ndinali nditatisinthanitsadi, ndipo ndikanauluka choncho kabokosi kakanangondiyang'ana tsiku la tsoka. Ndinatizula n'kutibweza moyenera. Atauzira kachitatu kanalira, kulira kosongoka kolowa mpaka m'mano. Ndinatsika, ndinawaveka zomvera pamwamba pa kofiya, n'kukagwada ine pansi pa phiko kuti nawonso amve. Nditauzira ndinaona zala za kumapazi kwawo zikukanda pansi. Sanavule msanga.

Atavula anafunsa kuti amakauza ndani nthawi yolira. Ndinati ndine. Ndikakwera m'mwamba ndichepetsa liwiro, mphuno ya ndege ikukwera pang'onopang'ono, ndipo ndikayandikira pamene phiko limayamba kunjenjemera ndidina kabatani, kabokosi n'kusunga malo amenewo. Ndinati odziwa amati usiye mpata wochepa chabe.

"Mukauze kazilira msanga," anatero.

Ndinati kakatero kazilira pachabe, potera paliponse, phiko lili bwinobwino, mpaka kandisowetsa mtendere.

"Kalekeni kazilira pachabe, amesitiri. Musadzakauze kuti kaziyamba katsimikiza."

Anamwa tiyi amene ndinaphika, nayamikira mmene ndinapalira chivundikiro chija, nati sichikuoneka n'komwe. Ponyamuka anapita pakona n'kutenga kamkeka kawo, nakamangirira pa njinga. Ndinaona, ndipo ndinamva chimene chinkatanthauza, koma ndinangowaperekeza mpaka panjira ngati mlendo wina aliyense. Mvula isanayambe mlongo wawo anandiuza kuti achimwene anaoloka pa bwato la munthu wina kupita kwa mwana wawo uja. Anati kumeneko kulibe amene amadziwa dzinalo.

Tsiku lokauza kabokosi nthawi yolira ndinaingitsa ndekha mbuzi, n'kuthamangira kundege zisanabwerere. M'mwamba ndinachepetsa liwiro monga mwa dongosolo. Phiko lisanaganize n'komwe zonjenjemera, ndege ikadali ndi mphamvu zambiri, ndinadina kabatani.

Chaka chatha mwana wanga anabwera ndi woyendetsa ndege wina wachinyamata wa ku Nampula, kuti adzaone ngati bambo ake sakudzipha. Ndinauluka ndi mnyamatayo. Potera anavula zomvera ali tsinya, nati kabokosi kanga ndi kabodza, kamalira kulibe kanthu, ndipo angathe kukakonza tisanamalize kumwa tiyi. Ndinamuthokoza n'kumuuza kuti akasiye. Anayang'ana mwana wanga, mwana wanga anayang'ana kumwamba, ndipo ndinadziwa kuti m'galimoto pobwerera akakambirana za ukalamba wanga.

Ndimaulukabe m'chilimwe, dambo likauma. Nyanja yathu ndi yopapatiza, moti ndikakwera pang'ono ndimaona midzi ya kutsidya, madenga a udzu ndi a malata, ndi nsomba zoyanikidwa pamathandala. Malire sindiloledwa kuwadutsa, ndipo sindidziwa kuti denga la achimwene ndi liti. Ndimangotsata gombe la kwathu n'kubwerera. Ndikamakhota kuti nditere maso amapitabe okha kumapeto kwa dambo, ngakhale ndikudziwa kuti kuli mbuzi zokha, ndipo ndimawasowa achimwene koopsa. Nthawi yomweyo kabokosi kamayamba kulira, pansi pakadali kutali, phiko likadali ndi mphamvu zake zonse, ndipo ine ndimatsitsa mphuno ya ndege osayamba ndatsimikiza.